Mtsogoleri ndi gulu la pa WhatsApp nthawi ya madzi osefukira

Kwa Maseya, m'boma la Chikwawa, tonse timawadziwa madzi osefukira. Adabwera mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 kudabwera namondwe wa Ana, ndipo mu Malichi 2023 wa Freddy. Madzi amenewa nthawi zambiri amachokera kumtunda, kumapiri a ku Thyolo, ku Blantyre ndi ku Mwanza. Kuno kungakhale kopanda mvula, koma mtsinje n'kudzaza usiku anthu ali m'tulo. N'chifukwa chake chenjezo liyenera kufika msanga.

Chenjezo limayambira ku nthambi yoona zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DoDMA, imalifalitsanso. Limafika ku khonsolo ya boma, kenako ku komiti ya kudera la mfumu yaikulu, kenako ku makomiti a m'midzi, aja timati ma VCPC. Masiku ano mauthenga ambiri otere amayenda pa WhatsApp.

Gulu la pa WhatsApp lili ndi woliyang'anira, amene anthu amamutcha adimini. Iye ndiye amalowetsa anthu ndi kuwachotsa. Uthenga umodzi umatumizidwa kwa onse nthawi imodzi. Amene sadziwa kulemba amagwira kachizindikiro ka maikolofoni, n'kulankhula, uthenga wa mawu n'kupita. Mukatumiza, pansi pa uthenga pamaoneka tizizindikiro tochonga. Kamodzi ndiye kuti wachoka. Pa gulu, tiwiri ndiye kuti wafika kwa onse. Tikasanduka tabuluu ndiye kuti onse awutsegula. Mtsogoleri wosamala amayang'ana tizizindikiroti, n'kutsegulanso tsatanetsatane wa uthengawo kuti aone amene awulandira. Akaona kuti kwa a nyakwawa a mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje uthenga sudafike, amaimba foni kapena kutuma mnyamata pa njinga.

Atsogoleri amayendetsa magulu mosiyana. Ena amatseka gulu kuti azilemba okha. Ena amalitsegula kuti aliyense azilankhula. Kodi njira yabwino ndi iti? Zimatengera nthawi.

Madzi akamabwera, kutseka gulu kumathandiza. Chenjezo silikwiririka ndi moni, nthabwala ndi zithunzi. Mtsogoleri alankhule mwachidule: mtsinje uti, midzi iti, anthu athawire kusukulu kapena kutchalitchi kuti. Anenenso kumene wamva. Mphekesera pa foni zimathamanga ngati moto wolusa m'tchire. Chithunzi cha chaka china chingabwerenso ngati cha lero, anthu n'kuthawa pachabe. Akatero kawiri katatu, tsiku la madzi enieni sadzukanso.

Koma madzi akaphwa, n'kuyamba kalembera wa olandira chimanga, mabulangete ndi mapepala ofolera, gulu lotseka limabweretsa kukayikirana. Apa ndi pamene anthu ayenera kufunsa momasuka. Bwanji agogo akuti akuti sadalembedwe? Matumba adabwera angati? Mtsogoleri amene amachotsa munthu m'gulu chifukwa wafunsa funso lotere akulakwitsa, ndipo ife tiyenera kumuuza. Mayina a olandira awerengedwenso pabwalo, pamaso pa mfumu ndi anthu onse.

Tikumbukirenso kuti ambiri m'mudzi alibe foni ya WhatsApp. Amayi ambiri ndi okalamba sali m'gulu. Ena ali nayo foni koma bandulo idatha. Moto wa foni nawo umatha. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuno ku Chikwawa komwe, magetsi adavuta kwa nthawi yaitali. Choncho uthenga uyenera kutuluka m'foni n'kulowa m'mudzi. Chimkuzamawu, wezulo, ng'oma ndi kugogoda pakhomo zikadali ndi ntchito. Komiti igawane nyumba kukadali kouma, aliyense adziwe makomo amene adzagogode, makamaka a olumala, amayi oyembekezera ndi agogo okhala okha.

Pofuna kuyesa mtsogoleri wanu, musawerenge kuchuluka kwa mauthenga amene amatumiza. Pitani kwa agogo a kumapeto kwa mudzi amene alibe foni. Afunseni kuti, "Agogo, chenjezo lija mudalimva nthawi yanji, nanga adakuuzani ndani?"