Madontho Oyera pa Nsomba za M'thanki ya Madzi Amchere: Gwero ndi Kapewedwe Kake

Mawu Oyamba

Pa tchuthi chathachi ndinakacheza kwa malume anga ku Durban, komwe amagwira ntchito ya m'nyumba. Imodzi mwa ntchito zawo ndi kusamala thanki yagalasi momwe abwana awo amawetamo nsomba zokongola za m'nyanja yamchere. Ndinawapeza ali khuma, chifukwa nsomba zinayi zinali zitafa m'sabata imodzi ndipo abwana ankawaganizira kuti akulekerera. "Mphwanga, iwe unapita kusukulu, tandifufuzira chomwe chikupha nsombazi ntchito isanandithere," iwo anatero. Ngakhale maphunziro anga ndi a ziyankhulo, ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula, choncho ndinayamba kuwerenga. Nkhani ino ikufotokoza zomwe ndinapeza.

Gwero la Matendawa

Nsombazo zinali ndi timadontho toyera ngati timchere pakhungu ndi pazipsepse, zinkadzikhula pamiyala komanso kupuma mwabefu. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans, komwe kanapatsidwa dzinali mu 1951. Kachilomboka kamaboola khungu ndi makha, momwe nsomba imapumira, n'kumadya mnofu wake kwa masiku atatu mpaka 7. Kakakhuta kamagwera pansi pa thanki, n'kudzikuta m'kachikwa pamchenga kapena pamwala. M'kachikwamo kamagawikana kukhala tiana mazanamazana. Tianati timatuluka pakatha masiku atatu mpaka 28, koma zikwa zina zimatha kukhala masiku 72 zisanaswe. Tikatuluka timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri timafa.

Apa ndi pomwe malume ananyengedwa. Madontho atazimirira, iwo anauza abwana kuti nsomba zachira, osadziwa kuti tizilombo tangotsikira pansi kukaswana. Monga wophunzira ziyankhulo ndinaona kuti dzina lenilenilo loti "madontho oyera" limasokeretsa, popeza limatichititsa kuyang'ana pansomba pomwe gawo lalikulu la moyo wa kachilomboka lili pamchenga. M'nyanja, madzi ndi ochuluka moti tiana tambiri timafa tisanapeze nsomba, koma m'thanki nsomba ilibe kothawira.

Kachilomboka sikangobuka kokha m'madzi. Kamabwera ndi nsomba yatsopano, mwala, mchenga, madzi ngakhalenso kaukonde konyowa kochokera m'thanki ina. Nditafunsitsa, malume anakumbukira kuti patatsala masabata awiri kuti vutoli liyambe, abwana anagula nsomba ziwiri n'kuziponya m'thanki tsiku lomwelo. Zinthu monga kuthithikana, madzi akuda, chakudya chosakwanira ndi kusinthasintha kwa kutentha kwa madzi zimangofooketsa nsomba kuti matenda azikule msanga.

Kapewedwe Kake

Choyamba, nsomba iliyonse yatsopano iyenera kubindikiritsidwa m'thanki yakeyake kwa masabata anayi mpaka 6, n'kumaiona tsiku ndi tsiku. Kuoneka bwino m'sitolo si umboni wakuti ilibe tizilombo, chifukwa timatha kubisala m'makha. Chachiwiri, thanki iliyonse ikhale ndi ukonde ndi ndowa yake, ndipo zipangizo ziziumitsidwa zikagwira ntchito. Chachitatu, madzi azisinthidwa pang'onopang'ono ndipo nsomba zisachuluke kuposa kukula kwa thanki.

Matenda akalowa, nsomba zonse zichotsedwe, ngakhale zooneka zathanzi, ndipo thanki yaikulu ikhale yopanda nsomba kwa masiku oposa 72 kuti tiana tonse tiswe n'kufa ndi njala. Nsombazo zimalandira mankhwala a kopa m'thanki ina, pa mlingo wa mamiligalamu 0.15 mpaka 0.20 pa lita, kwa masabata osachepera atatu. Mlingowu uziyezedwa tsiku lililonse, popeza kopa akachepa sagwira ntchito ndipo akachuluka amapha nsomba. Asathiridwe m'thanki yaikulu chifukwa amapha makorali, nkhanu ndi nkhono. Njira ina ndi kutsitsa mchere pang'onopang'ono kuchoka pa magalamu 35 pa lita kufika pafupifupi 14. Komabe njirayi sithandiza pa kachilombo kena kotchedwa Amyloodinium ocellatum, komwe kamaoneka ngati fumbi pakhungu ndipo kamapha msanga kwambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kaye mtundu wa kachilombo musanathire mankhwala.

Mawu Omaliza

Malume anafotokozera abwana zonsezi, ndipo iwo anavomera kugula thanki yaing'ono yachiwiri. Nsomba imodzi inafanso, koma zotsalazo zinachira ndipo malume akadali pantchito. Mtengo wa kathankiko unali wochepa poyerekeza ndi wa nsomba zomwe zinafa. Masiku ano nsomba yatsopano ikafika panyumbapo, malume amalemba tsiku pakalendala, ndipo siilowa m'thanki yaikulu masabata 6 asanakwane.