PHUNZIRO 6: Kuona mndandanda monga momwe kompyuta ikuuonera

Aphunzitsi, tsegulani Python 3 pa kompyuta yanu. Ngati kompyuta ili kutali, tsatirani ndi pensulo m'kope, palibe kanthu.

Tiyerekeze kuti mwalowetsa malikisi a ana atatu kudzera mu input: 9, 70 ndi 45. Mwalamula kuti print(max(malikisi)) pofuna kudziwa amene wakhoza koposa. Kompyuta yayankha kuti 9. Mwana wopeza 70 uja walandidwa malo oyamba. Chalakwika n'chiyani?

Ambiri timathamangira kuonetsa malikisiwo mwaudongo, chonchi: print(*malikisi). Pa sikirini pakutuluka 9 70 45. Zonse zikuoneka zabwinobwino, basi munthu n'kuyamba kuida kompyuta. Tsopano chotsani kanyenyezi kaja, mulembe print(malikisi). Pakutuluka izi:

['9', '70', '45']

Mwaiona mitengeroyo? Ikukuuzani kuti awa si manambala, koma malemba. Lamulo la input limabweza malemba nthawi zonse, ngakhale mutatayipa nambala. Ndipo malemba amayerekezedwa ngati mawu a mu dikishonale, kuyambira pa chilembo choyamba: 9 amabwera pambuyo pa 7 ndi 4, ndiye '9' ndiye "wamkulu". Mankhwala ake n'kusandutsa lemba lililonse kukhala nambala ndi int. Mukatero mudzaona [9, 70, 45], mitengero itachoka.

Python ili ndi njira ziwiri zoonetsera chinthu: str, yokomera wowerenga, ndi repr, yokomera wofufuza zolakwika. Poonetsa mndandanda, chinthu chilichonse cha m'katimo chimatuluka mwa repr. Ena amadandaula kuti mitengero ndi mipatuliro zimadetsa tsamba. Ine ndimati zisiyeni. Mukamachonga ntchito ya masamu, kodi simufuna kuona njira yonse imene mwana wadutsa? Udongo usungireni lipoti lopita kwa makolo.

Si zilankhulo zonse zimene zimatithandiza chonchi. Mu Java, mukaonetsa array ya manambala mwachindunji, mumangolandira [I@ ndi tizilembo tina tosakuuzani za m'katimo. Lamulo la Arrays.toString, loonetsa zinthuzo, linabwera mu 2004 ndi Java 5.

Ntchito 6.1

Lembani mayina = ['Chikondi ', 'Chikondi'], osaiwala mpata umene uli kumapeto kwa dzina loyamba. Onetsani mndandandawu m'njira zonse ziwiri. Ndi njira iti imene yaulula mpatawo? Fotokozani chimene chingachitike m'kaundula wa kalasi ngati mpata wotere suoneka. Tumizani yankho lanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.