Golide wa m'mitsinje: mafunso anu ndi mayankho

Wowulutsa: Omvera athu, makalata achuluka sabata ino, choncho tisachedwe. Bambo, yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Balaka. Akuti mwana wawo watola timiyala tachikasu tonyezimira m'khwawa. Kodi ndi golide?

Katswiri: Mayi, tengani kamodzi, mukaike pamwala, mukamenye ndi hamala. Golide ndi wofewa, amangophwatalala osasweka. Kakanyenyeka n'kusanduka fumbi lakuda, dziwani kuti ndi pyrite, si golide ayi. Musagulitse mbuzi chifukwa cha timeneto.

Wowulutsa: Mnyamata wa ku Kasungu akufunsa kogulitsa golide wake.

Katswiri: Banki yaikulu ya Reserve inayamba kugula golide mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Pitani kumeneko, achimwene. Ogula a m'tchire aja sikelo ndi yawo, mtengo ndi wawo, ndipo kuzembetsa golide ndi mlandu.

Wowulutsa: Iyi yachokera kwa bambo amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti alamu awo apeza malo a golide m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwe, amfumu avomera, ndipo awatumizira chithunzi cha golide ali m'kabotolo. Alamuwo akufuna ndalama za pampu, dizilo ndi aganyu, phindu adzagawana pakati. Atumize?

Katswiri: Apa ndiye tikhalitsepo. Bambo, ku Lisungwe golide aliko, zimenezo sititsutsa. Anthu akhala akusefa kumeneko kwa zaka zambiri, monganso ku Makanjira ndi ku Nathenje. Koma kabotoloko sikakukuuzani kanthu. Funso ndi ili: golide ameneyo anatuluka m'mawilibala angati a dothi, anakumba anthu angati, kwa masiku angati? Galamu imodzi yotuluka m'mawilibala 20 ndi bizinesi. Galamu yomweyo yotuluka m'mawilibala 500 ndi ngongole.

Golide wa m'mtsinje samwazika mofanana ayi. Amalemera kuposa madzi ka 19, pamene mchenga sufika n'katatu komwe. Choncho madzi akamamukokolola kuchoka kumapiri, iye amamira msanga, n'kukakhala pansi penipeni pa thanthwe, m'ming'alu, ndiponso m'kati mwa makona a mtsinje momwe madzi amafooka. N'chifukwa chake dzenje limodzi limalemeretsa munthu, la mnzake mapazi khumi okha kuchoka pamenepo n'kungomupatsa matuza m'manja. Musanagule pampu, lipirani munthu wanuwanu wodziwa za miyala akakumbe maenje oyesera pamalo onsewo, m'mizere, mpaka kufika pathanthwe. Dothi la dzenje lililonse aliwerenge, alisefe, golideyo amuyeze pasikelo, alembe.

Ndikuti munthu wanuwanu, ndipo ndimanena zimenezi sabata iliyonse. Wogulitsa malo asakusankhireni pokumba, asagwire beseni, asagone pafupi ndi matumba a dothilo. Pali anthu amene amawazira golide wogula kwina m'dothi loyesera, wina m'phulusa la ndudu, wina m'zikhadabo. Musamati amapusitsidwa ndi osaphunzira okha. Kampani ya ku Canada yotchedwa Bre-X inalengeza kuti yapeza golide wochuluka zedi ku Busang, m'dziko la Indonesia. Mabanki ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni anathamangira kugula masheya. Mu 1997 zinaululika kuti anthu ankathira golide m'miyala yoyesedwayo, wina wogula kwa anthu wamba osefa m'mitsinje. Ndalama zankhaninkhani zinapita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati anapusitsidwa anthu okhala ndi maloya ndi akatswiri, nanga inu ndi chithunzi cha pa WhatsApp?

Wowulutsa: Koma akuti amfumu avomera.

Katswiri: Amfumu tiwalemekeze, ndipo popanda iwo simungakumbe mwamtendere. Komatu amfumu amayang'anira malo. Miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ndipo lamulo la zamigodi la 2023 limafuna chiphaso cha boma. Alamu anuwo akutumizireni chiphasocho, muone dzina lolembedwapo, malire ake ndi tsiku lothera ntchito. Ngati dzina ndi la munthu wina, ndalama zanu zikukakometsa munda wa eni. Mgwirizano wanunso ulembedwe, pakhale mboni. Ndaona mabanja akuleka kuyenderana pamaliro chifukwa cha mawu akuti tinangogwirizana pakamwa, ndife amodzi. Golide amalowa m'thumba la malaya, bambo. Inu muli ku Joni, adzakuwerengerani ndani madzulo aliwonse?

Muwerengerenso nyengo. M'dzinja maenje amadzaza madzi ndipo makoma amagumuka. M'chilimwe madzi osefera amasowa, pampu imangomwa dizilo. Miyezi yogwira ntchito bwino ndi yochepa, ndipo golide wa m'mchenga akatha watha, samera ngati chimanga.

Pamenepa ndibwerezenso za mercury, ngakhale ena mwatopa nane. Anyamata mumamuotcha pamoto wophikira, mkazi ali pomwepo, mwana ali kumsana. Utsi umenewo umaononga ubongo ndi impso, ndipo wotsala m'madzi amalowa mu nsomba. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda ake anadziwika mu 1956, ana ankabadwa olumala chifukwa cha nsomba zomwe amayi awo ankadya. Golide wa m'mtsinje amakhala atamasuka kale ku mwala. Beseni ndi kudekha zimamugwira popanda mercury. Ndipo ana asalowe m'maenje. Mwana malo ake ndi kusukulu. Mukamaliza kukumba, kwirirani maenjewo, pajatu kumunsi kwa mtsinje kuli anzanu a madimba.

Wowulutsa: Nthawi yatithera, bambo. Mwachidule, atumize kapena asatumize?

Katswiri: Asatumize kaye. Aone chiphaso, alipire zoyesa nthaka zokha, zotsatira zikabwera atilemberenso tidzawerengere limodzi. Ndipo kwa nonse omvera, ndalama yoika mu golide ikhale imene mungapirire itatayika. Ya feteleza, ya fizi ndi ya ku banki m'khonde isapite kumtsinje.