Mwezi umene timaudikira, ndi kuwala kumene kumauyeza



Shabani ikamatha, tonse kuno ku Chifunga timayang'ana kuzambwe kufuna mwezi watsopano. Koma n'chiyani chimaugwira mweziwo kuti usathawe? Palibe chingwe, palibe mzati. Chilipo ndi mphamvu yokoka imene Allah adaika pakati pa dziko ndi mwezi, ndipo imagwira ntchito ngakhale ziwirizi zatalikirana makilomita pafupifupi 384,400. Maginito amakoka msomali pokhapokha uli pafupi. Iyi imafika kutali, imangochepa pang'onopang'ono.

Akatswiri amaiyeza ndi laser, kuwala kumene kumayenda mowongoka osamwazika msanga ngati kwa tochi. Mu Julaye 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin adasiya pa mwezi chipangizo cha timagalasi 100 tobweza kuwala komwe kwachokera. Kuyambira pamenepo, malo monga McDonald Observatory ku Texas ndi Grasse ku France akhala akulozako laser. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho kupita ndi kubwera kumatenga masekondi awiri ndi theka. A Fomu 3, chulukitsani, kenaka mugawe pawiri. Yankho lanu lisapite kutali ndi mtunda tatchula uja.

Zomwe adapeza n'zakuti mwezi ukutalikira ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse. Nawonso mwezi umakoka dziko: ndiwo makamaka umadzaza ndi kuphwetsa nyanja ku Beira kawiri pa tsiku. Kukhulana kwa madziwo ndi pansi pa nyanja kumachedwetsa kuzungulira kwa dziko, ndipo mwezi umasunthira kunja.

Ntchito yoyesa kuwala si yachilendo kwa Asilamu. Ibn al-Haytham, amene adalemba Kitab al-Manazir ku Cairo zaka 1,000 zapitazo, adaonetsa poyesa kuti kuwala kumalowa m'diso, sikutulukamo.

Ndiye ena amafunsa: ngati mwezi ukuyezedwa chonchi, tikanganiranji za tsiku la Eid? Ife tikuona kuti mafunso ndi awiri. Masamu amatiuza pomwe mwezi uli, ndipo munthu akati wauona usiku umene udalowa dzuwa lisanalowe, masamuwo amutsutsa. Koma sangachotse mitambo kapena utsi wa lupsa pamwamba pa mapiri a Neno. Ngati tsiku la 29 mwezi sunaoneke, timakwanitsa masiku 30, ndipo kulengeza ndi udindo wa mashehe athu.