N'chifukwa chiyani ndimaiwala zogula kumsika?

Funso: Aphunzitsi, ndikanyamuka kupita kumsika ndili ndi zinthu khumi m'mutu, ndimabwerako nditaiwala zitatu kapena zinayi. Chonsecho nyimbo za kutchalitchi ndimaziimba osaphonya. Kodi mutu wanga wayamba kufooka?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Zomwe mwangomva kumene ubongo umazisunga kwa kanthawi kochepa, ndipo malo ake ndi ochepa ngati chikhatho. Mu 1956 katswiri wa za maganizo George Miller analemba kuti munthu amagwira zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi. Mu 2001 Nelson Cowan anasonyeza kuti nthawi zambiri zimakhala 4 zokha. Nyimbo zija n'zosiyana: munazibwereza kwa zaka zambiri mpaka zinakhazikika.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti ubongo umakonda magulu. Mu 1953 Weston Bousfield anawerengera ophunzira mawu 60 osakanikirana: mayina a nyama, a anthu, a ntchito ndi a ndiwo zamasamba. Powatchulanso, ophunzirawo ankawaika m'magulumagulu popanda wowauza. Akatchula nyama imodzi, inzake inkabwera yokha.

Choncho musaloweze zinthu khumi zomwazikana. Nenani kuti "zam'phika": usipa, tomato, anyezi, mchere, mafuta. Kenaka "zochapira", kenaka "za ana kusukulu". Mwanyamula magulu atatu basi, ndipo lililonse likukumbutsani zamkati mwake.

Koma mukayamba kusokera panjira yomwe mumaidziwa bwino, kapena kuiwala mayina a apabanja panu, musazengereze, pitani kuchipatala akakuoneni.