Anthu 8 Miliyoni Analipira Asanaione

Pa 10 Disembala 2020, kampani ya CD Projekt Red ya ku Warsaw m'dziko la Poland inatulutsa gemu imene anthu anakhala akuidikirira kuyambira mu 2012. Dzina lake ndi Cyberpunk 2077. Tsikulo lisanafike, makope 8 miliyoni anali atalipiridwa kale. Ogulawo anali asanaigwireko n'kamodzi komwe. Chimene chinawatulutsitsa ndalama m'thumba ndi mawu amene ankauzana okhaokha: ngati unaikonda The Witcher 3, iyi usachite kufunsa, opanga ake ndi omwewo.

Mawu amenewa ndimawaopa. Amamveka anzeru, amachokera kwa anthu otifunira zabwino, ndipo ndi amene amatipweteketsa kwambiri pogula magemu a RPG, aja amene umalowa m'malo mwa munthu wa m'nkhani n'kumamusankhira zonena ndi zochita kwa maola ambirimbiri.

Anthu amene ankanena mawuwa sanali opusa ayi. The Witcher 3, imene inatuluka mu Meyi 2015 kuchokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, inawapatsa chifukwa chokwanira chokhulupirira. Amene anaisewera sangaiwale za ku Velen, dera losakazidwa ndi nkhondo, kumene Geralt, munthu amene umamusewera, amafika akufunafuna Ciri, mtsikana amene anamulera ngati mwana wake. Kumeneko amakumana ndi mkulu wina wotchedwa Bloody Baron, amene amati anena zimene akudziwa pokhapokha Geralt atamupezera mkazi wake ndi mwana wake wamkazi amene anasowa. Ukamafufuza m'nyumbamo umazindikira kuti sanabedwe, anachita kuthawa. Bamboyu ankaledzera n'kumamenya mkazi wake. Mkaziyo anapita padera, ndipo khandalo analikwirira mobisa, popanda dzina. Kenako gemu imakufunsa chochita ndi khanda lija, limene lasanduka chinthu choopsa: uliphe, kapena umuperekeze bambo wakeyo atalinyamula m'manja usiku, akalitche dzina n'kuliika m'manda pakhomo pa nyumba yake. Ukasankha chachiwirichi, umaona munthu amene unkadana naye akulira, ndipo mtima wako sudziwa koloza. Nkhani yolembedwa mwa mtundu umenewu imachititsa munthu kunena kuti chilichonse chimene anthu awa adzapange, ine ndidzagula.

Pa Cyberpunk panawonjezeka zina. Mu Juni 2019, pa chionetsero cha E3 ku Los Angeles, katswiri wa mafilimu Keanu Reeves anatulukira pa nsanja kudzalengeza kuti muli iye m'gemumo, ngati Johnny Silverhand. Anthu anachita misala ndi chimwemwe. Tsiku lotulutsira analiika pa 16 Epulo 2020. Kenako linasunthira pa 17 Sepitembala, kenako pa 19 Novembala, kenako pa 10 Disembala. Kusuntha katatu konseko ambiri anakumva ngati umboni wakuti kampaniyo ikufuna kupereka chinthu chopsa bwino. Ochepa okha ndi amene anafunsa chimene chinkavuta.

Chizindikiro chachikulu chinaonekera kutatsala masiku ochepa. Atolankhani olemba za magemu anapatsidwa gemuyi kuti aiunike, koma onse anapatsidwa ya pa kompyuta. Ya pa PlayStation 4 ndi Xbox One, makina amene anatuluka mu 2013 ndipo ndi amene anthu ambiri anali nawo m'nyumba zawo, sinaperekedwe. Komanso opanga mavidiyo sanaloledwe kuonetsa zimene iwo eni anajambula posewera. Anauzidwa kugwiritsa ntchito zithunzi zochokera ku kampani. Malikisi anatuluka apamwamba, cha m'ma 90 pa 100. Munthu wa PlayStation 4 anawerenga malikisiwo n'kuwatenga ngati ake. Mkulu wina wa kampaniyo, Adam Kiciński, anali atauza eni masheya milungu ingapo m'mbuyomo kuti gemuyi ikuyenda bwino modabwitsa pa makina akalewo.

Ndiye taganizirani munthu amene wayatsa PS4 yake madzulo a tsikulo. Walowa mu Night City, mzinda umene anauona ukunyezimira m'mavidiyo. Akuyandikira munthu pamsewu, nkhope yake ili phwatalala ngati dongo losaumba, maso ndi mphuno n'kudzabwera patapita kanthawi. Akuyendetsa galimoto, msewu uli mbee, mwadzidzidzi galimoto ina yangoti tulukiru kutsogolo kwake. Pakona paima munthu atatambasula manja, osagwedezeka. Akalakwira lamulo, apolisi sachokera kulikonse, amangomera kumbuyo kwake ngakhale ali pamwamba pa nyumba. Mfuti zikayamba kulira, chithunzi chimadukaduka mpaka kulephera kulozetsa. Kenako zonse zazima, pagalasi patsala uthenga wakuti gemu yatsekeka. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Atolankhani atadzaiunika ya pa PS4, malikisi ake pa Metacritic, webusaiti yosonkhanitsa malikisi a atolankhani, anathera m'ma 50.

Pa 14 Disembala kampaniyo inapepesa, ndipo inavomera kuti sinaonetse anthu mmene gemuyi imayendera pa makina akale isanatuluke. Inauza osakhutira kuti apemphe ndalama zawo. Patangotha sabata imodzi chitulukire, Sony, kampani yopanga PlayStation, inachita chinthu chosowa kwambiri pa gemu yaikulu chonchi: inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti n'kulonjeza kubweza ndalama kwa aliyense wofuna. Mu Januwale 2021, Marcin Iwiński, mmodzi wa amene anayambitsa kampaniyo, anaonekera pa vidiyo kupepesanso, n'kunena kuti mlandu ndi wa atsogoleri, osati wa antchito amene anaipanga. Gemuyi inabwerera m'sitolo ya PlayStation pa 21 Juni 2021, ili ndi chenjezo lakuti kuigulira PS4 wamba sikukulimbikitsidwa.

Anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathera pamenepa, n'kunena kuti musamalipiriretu gemu isanatuluke. Zimenezo n'zoona, ndipo ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chinachitika pambuyo pake, chifukwa ndi chimene chingakugwereni inuyo lero.

CD Projekt Red inaikonza gemu ija. Sinaithawe. Mu Febuluwale 2022 inatulutsa yoyenerera PlayStation 5 ndi Xbox Series. Mu Sepitembala chaka chomwecho katuni ya Cyberpunk: Edgerunners inaonetsedwa pa Netflix, anthu n'kuyamba kubwerera ku Night City mwaunyinji. Mu Sepitembala 2023 kunabwera kukonza kwakukulu kotchedwa 2.0, kumene kunasintha apolisi, kumenyana uli m'galimoto ndi kakulidwe ka luso la munthu wako, pamodzi ndi nkhani yowonjezera ya Phantom Liberty momwe muli katswiri wa mafilimu Idris Elba. Kumapeto kwa chaka chimenecho inalandira mphoto ku The Game Awards ngati gemu imene ikupitiriza kusamalidwa bwino koposa. Lero mukafunsa za RPG yabwino, wina adzakutchulirani Cyberpunk 2077 ndi mtima woona, ndipo sakunama.

Koma 2.0 ndi Phantom Liberty sizinafike pa PS4 kapena Xbox One. Kukonza kwakukulu komaliza kwa makina amenewo kunali 1.6, kwa mu Sepitembala 2022. Ndiye mnzanu wa PS5 akamati gemuyi ndi yapamwamba, akunena za chinthu chimene makina anu sadzachiona. Dzina ndi limodzi, chikuto ndi chachikasu chomwecho, koma za m'kati n'zosiyana. Kuno kwathu nkhaniyi si yapatali, pakuti ambiri amasewera pa PS4 yogula kwa wina kapena yotumiziridwa ndi m'bale wa ku Joni. Amene wagula diski yakale amakhala ndi gemu ya masiku oyambirira aja, ndipo kuti ifike pamene inakonzedwera ayenera kukopera ma GB ochuluka pa intaneti. Wogulitsa sakuuzani za bandulo imeneyo. Mumakaidziwira kunyumba.

Choncho uphungu wa gemu umakhala ndi tsiku lake komanso makina ake. Amene anaitukwana mu Disembala 2020 ananena zoona. Amene akuiyamikira lero akunenanso zoona. Wopwetekeka ndi amene wamva mbali imodzi osafunsa kuti zinali liti, pa chiyani. Si Cyberpunk yokha. Skyrim ya mu 2011 inatamandidwa kulikonse, koma eni PlayStation 3 ambiri anaona kuti akasewera nthawi yaitali, gemu inkayamba kulemera ndi kudukaduka.

Pali chinanso chimene mawu aja akuti "opanga ake ndi omwewo" anabisa, ndipo ichi sichikanatha ngakhale gemu ikanatuluka yopanda chilema. Cyberpunk si Witcher. Mu Witcher umamuona Geralt yense, munthu wa mbiri yake kale, wa lupanga ndi kavalo, woyenda m'midzi ndi m'madambo. Mu Cyberpunk umaonera m'maso mwa munthu wako wotchedwa V, mfuti ili m'manja, m'mzinda wa phokoso. Umasankha kuyamba ngati Nomad, Streetkid kapena Corpo, koma njira zitatuzi zimakumana msanga, ndipo amene ankayembekezera nkhani zitatu zosiyana anakhumudwa. Munthu amene anakonda bata la ku Skellige mu Witcher, kuyenda pa bwato pakati pa zilumba, sikuti akondanso kuwomberana m'tinjira ta Night City.

Zilembo zitatu za RPG zimasenza katundu wambiri kuposa mmene timaganizira. The Witcher 3 inasankhidwa kukhala gemu yopambana ya chaka ku The Game Awards mu 2015, Elden Ring mu 2022, Baldur's Gate 3 mu 2023. Zonse zitatu amazitcha RPG, zonse n'zaluso, koma zimafuna anthu a mitima yosiyana. Elden Ring, ya kampani ya FromSoftware ya ku Japan, siikugwira dzanja. Ukangotuluka panja koyamba umapeza msilikali wa zovala zagolide ali pa kavalo, wotchedwa Tree Sentinel, ndipo ukamuputa amakupha nthawi yomweyo. Gemu ikukuphunzitsa kuti umulambalale, udzabwerenso utakula mphamvu. Ilibe mndandanda wokukumbutsa ntchito zimene anthu akupatsa, ndipo nkhani yake umaitola pang'onopang'ono m'mawu ofotokoza zida. Ena zimenezi zimawakomera kwabasi. Koma kumupatsa munthu amene anakonda Witcher chifukwa cha Bloody Baron n'kumulakwira, pokhapokha utamuchenjeza. Baldur's Gate 3, ya Larian Studios ya ku Belgium, ili ndi nkhani ndi zosankha zimene wokonda Witcher angasangalale nazo, koma nkhondo zake n'zosinthana, wina amenye wina adikire, motsatira malamulo a Dungeons & Dragons, ndipo zambiri zimagamulidwa ndi dayisi ya mbali 20. Pa PS4 palibepo. Disco Elysium ya mu 2019 ndimaiika pakati pa zolembedwa bwino koposa, koma ilibe nkhondo monga tinazolowerera, ndipo ndi kuwerenga Chingerezi chozama kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wotopa ndi kuwerenga aisiya tsiku loyamba.

Kwa inu amene anzanu amakufunsani kuti agule iti, udindo wanu ndi waukulu kuposa mmene mumauonera. RPG si gemu ya madzulo amodzi. Mukumuuza munthu kuti apereke ndalama zimene mwina wasunga miyezi, komanso maola makumimakumi a moyo wake. Musanatchule dzina lililonse, mufunseni chimene anakonda m'gemu yapitayo: nkhani kodi, kumenyana, kuyendayenda, kapena kumanga munthu wake mmene akufunira? Muuzeni makina amene inu munasewerapo, chaka chake, ndi pamene munafika. Ngati munangoonera pa YouTube, nenani choncho, palibe chochititsa manyazi. Chochititsa manyazi n'kuyamikira ndi mawu amphamvu chinthu chimene simunachigwire, monga anachitira anthu ambiri mu 2020.

Ndipo inu ogula, fufuzani vidiyo ya munthu wamba akusewera gemuyo pa makina ofanana ndi anu, muone tsiku limene anaijambula. Malikisi muwerenge a makina anu, chifukwa Metacritic imawasiyanitsa. Dziwaninso malamulo obwezera ndalama musanalipire: sitolo ya magemu a pa kompyuta ya Steam imabweza ngati sipanathe masiku 14 ndipo simunasewere maola opitirira awiri, pamene ku PlayStation mukangoyamba kukopera gemu, kawirikawiri mwayi wobweza umatha. Maola awiri pa RPG ndi ochepa kwambiri, ena amathera pokonza nkhope ya munthu wawo, choncho kufufuza kwenikweni kuchitike ndalama zisanachoke m'manja.

Ngati muli ndi PS5, Xbox Series kapena kompyuta yamphamvu, Cyberpunk 2077 ya lero ndikukulimbikitsani kuti muisewere, pamodzi ndi Phantom Liberty. Ngati makina anu ndi PS4 wamba, ndalamazo gulirani The Witcher 3 yokhala ndi nkhani zake zowonjezera za Hearts of Stone ndi Blood and Wine, ndipo Night City muidikire mpaka mudzapeze makina oti n'kuinyamula.