Foni ya usiku inamudula zala ku Alrode

Mnyamata wina wa ku Mangochi ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Alrode, dera la mafakitale la ku Alberton, ndipo ankachita lendi kachipinda ku Thokoza. Ulesi analibe. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, n'kuthamangira takisi kumimba kuli pululu.

Vuto linali usiku. Akangofika pakhomo foni inkayamba kulira: mayi akufuna feteleza, mlongo wake akufuna fizi, amalume agonekedwa kuchipatala. Akamaliza kuyankha onsewa pa WhatsApp, mutu utatentha, ankati aiwaleko mavuto pa TikTok, ndipo 1 koloko inkamupeza ali maso. Kukacha, chakudya chake chinali magwinya awiri ndi chitini cha chakumwa chopatsa mphamvu. Madzulo ankagulanso china, osadziwa kuti kafeini wa m'chakumwacho amakhala m'thupi maola ambiri, ndiye amene ankamuthamangitsira tulo.

Tsiku lina mu June, chisanu cha ku Joni chitafika povuta, anasinza ali chiimire pa makina odulira zitsulo. Zala ziwiri zinaduka. Ndalama zotumiza kumudzi pa Mukuru, zomwe ankazivutikira usiku ndi usana, zinaima, ndipo feteleza uja sanagulidwe.

Chimandipweteka n'chakuti bambo wina wachikulire, amene ankagona chipinda choyandikana naye, ankamuchenjeza. Iwo foni amathimitsa 9 koloko. Abale kumudzi anawauza kuti ndalama zimabwera tsiku limodzi pamwezi, ndipo nkhani ina iliyonse, kupatula matenda ndi maliro, idikire Lamlungu. Ndiwo amaphikiratu madzulo n'kuika m'kontena, ndipo nthawi ya nkhomaliro amakhala pansi n'kudya osathamanga. Akapeza mpata amakayezetsa BP ku kiliniki. Palibe chodula pa zonsezi, koma mpaka lero akutumizabe ndalama kwawo.

Lamulo la ntchito la dziko la South Africa la 1997 limati sabata ya ntchito isapitirire maola 45 kupatula ovataimu, munthu apume kuti adye akagwira maola 5 motsatizana, ndipo apumule maola 12 asanayambenso tsiku lina. Ambirife maola opumawo timawapereka tokha kwa foni, pomwe thupi la munthu wamkulu limafuna tulo ta maola osachepera 7.

Inu amene muli ku Joni, auzeni abale tsiku lotumiza ndalama, ndipo usiku uno foniyo ithime nthawi yabwino.